Ulembe, Nsatsi ndi Mitsempha Yodontha: Mbiri ya Muvi Wolasa Khansa

Alenje a Chimang'anja amene ankakhala m'chigwa cha Shire, kumunsi kwa mapiri athu a Thyolo, ankadziwa kuti muvi wopha njati uli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi bango ndi nthenga zake, zimene zimawongola ulendo kuti muvi ukafike pamene diso la mlenje laloza. Mbali yachiwiri ndi ulembe wopakidwa kunsonga, umene ntchito yake ndi kupha. Bango lopanda ulembe limangokanda nyama, ndipo ulembe wopanda bango ndi ngozi kwa aliyense amene ali nawo pafupi. Kwa zaka zoposa 100 akatswiri a zachipatala akhala akuyesa kusula muvi wotere woti uzilasa khansa m'thupi la munthu. Bango lake ndi antibodi, msilikali wa m'magazi amene amazindikira mdani mmodzi yekha, ndipo ulembe wake ndi poizoni wochokera ku zomera kapena ku tizirombo. M'chimangirizo chino ndikufuna kulongosola mbiri ya ntchito imeneyi, makamaka vuto limodzi limene linaimitsa akatswiriwa zaka zambirimbiri. Muvi wa mlenje umadutsa mumpweya, ndipo mpweya suvulala. Muvi wa dokotala umadutsa m'mitsempha ya magazi, ndipo mitsemphayo imavulala.

Ine si dokotala ayi. Ndine wogwira ntchito m'boma, mbadwa ya ku Goliati, amene ndimakonda kuwerenga mbiri ya zinthu ndikaweruka. Chimene chinandikokera ku nkhaniyi n'chakuti m'kati mwake muli zinthu zitatu zimene timazidziwa bwino kwathu kuno: kombe, nsatsi, ndi chotupa chija chimene chimatupitsa nsagwada za ana.

Tiyambe ndi kombe. Pa ulendo wa David Livingstone wa m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, umene unayamba m'chaka cha 1858 n'kutha mu 1864, panali dokotala wodziwanso za zomera, dzina lake John Kirk. Iyeyu anachita chidwi ndi ulembe umene anthu a m'chigwa cha Shire ankapanga ndi njere za mtengo woyanga wotchedwa kombe. Tsiku lina mswachi wake unakhudzana ndi ulembewo m'thumba. Atatsukira mano anamva kuwawa m'kamwa, kenako anazindikira kuti mtima wake ukugunda mochedwerapo kusiyana ndi kale. Njere za kombe zinafika ku Edinburgh m'manja mwa Thomas Fraser, amene anazifufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 1885 anauza madokotala anzake kuti ulembewu, ukachepetsedwa kwambiri, ndi mankhwala a mtima wofooka. Posakhalitsa John Buchanan wa ku Zomba ndi a kampani ya Mandala anayamba kutumiza njerezi ku Britain, kumene kampani ya Burroughs Wellcome inkagulitsa madzi ake m'mabotolo. Mpaka lero m'mabuku a sayansi mtengowu umatchedwa Strophanthus kombe, ndipo dzina lachiwirilo ndi lathu lomwe.

Kombe anaphunzitsa madokotala kuti chimene chimalekanitsa poizoni ndi mankhwala ndi muyezo. Komabe kombe ankayenda thupi lonse mosasankha. Anali ulembe wopanda bango. Pa khansa njira imeneyi imavuta, chifukwa khansa ndi maselo a munthu mwiniwake amene apanduka n'kumaswana mosalekeza, kotero muyezo wokwanira kuwapha umaphanso maselo osalakwa. Panafunika poizoni wamphamvu koposa, ndiponso chinthu chomulondolera.

Poizoniyo anapezeka m'nsatsi. Aliyense wokulira ku Goliati akuidziwa nsatsi. Imamera yokha m'mbali mwa madimba a tomato ndi kabichi, kuseri kwa makola a ng'ombe zamkaka, ndiponso m'malire a minda ya tiyi momwe khasu la esiteti silifika. Agogo anga aakazi ankakazinga njere zake, kuzisinja ndi kuziwiritsa kuti ayengule mafuta odzola, koma ife adzukulu ankatiletsa mwamphamvu kutafuna njerezo. Lamulo lawo linali ndi maziko, pakuti poizoni wa nsatsi salowa m'mafuta, amatsalira m'zosinja, ndipo moto umamufoola. M'chaka cha 1888, ku Dorpat, mzinda umene lero ndi Tartu m'dziko la Estonia, wophunzira wina, Hermann Stillmark, anapatula poizoniyu namutcha ricin. Chinthu choyamba chimene anaona chinali chokhudza magazi: ricin ankamatitsa pamodzi maselo ofiira. Mu 1891, ku Berlin, Paul Ehrlich anayamba kudyetsa mbewa zoyera za m'labotale ricin pang'onopang'ono, akuwonjezera muyezo tsiku ndi tsiku, mpaka mbewazo zinatha kupirira muyezo umene ukanapha zinzake zambiri. Anapeza kuti m'magazi mwawo mwabadwa chinthu chimene chimagwira ricin yekha, chosagwira poizoni wina. Ameneyo ndiye antibodi. Kuchokera apo Ehrlich, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1908, anayamba kulota za chimene ankachitcha chipolopolo chamatsenga, mankhwala opita molunjika kwa mdani osakhudza wina aliyense panjira.

Loto limeneli linadikira zaka zoposa 60, ndipo m'nthawi yodikirayi Africa inapereka chandamale choyeserapo muvi. Mu 1958 dokotala wa opaleshoni wa pa chipatala cha Mulago ku Kampala, Denis Burkitt, analemba za chotupa chokula mofulumira chimene chinkagwira ana m'nsagwada, m'maso ndi m'mimba. Pofuna kudziwa malire a dera limene chotupachi chimapezeka, mu Okotobala 1961 iye ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, ananyamuka pa galimoto yakale ya Ford. Anayenda makilomita pafupifupi 16,000 m'masabata 10, akufunsa m'zipatala zoposa 50, ndipo Nyasaland inali pa njira yawo. Anapeza kuti kuno odwala ankachokera makamaka m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa zotentha, ndipo ankachepa kumalo okwera kuposa mamita 900. Mapu a chotupachi anafanana ndi mapu a malungo. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong ku London anaona kachirombo m'maselo a chotupa chotumizidwa kuchokera ku Uganda, kachirombo koyamba kudziwika kuti kamayambitsa khansa mwa munthu. Lero tikudziwa kuti kachiromboka ndi malungo obwerezabwereza zimathandizana kuyambitsa khansa ya Burkitt, imene ili m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi.

Khansa ya Burkitt imachokera ku maselo oyera a magazi otchedwa B, omwewo amene amapanga maantibodi. Maselo ake amakula mosavuta m'mbale za m'labotale, choncho akatswiri anawasunga. Mtundu wotchedwa Raji unatengedwa kwa mwana wa ku Nigeria mu 1963, ndipo wotchedwa Daudi unatengedwa mu 1967 kwa mnyamata wa mu Africa muno wa zaka 16, n'kuleredwa ndi Eva ndi George Klein a ku Stockholm. Maselo a ana amenewa akadali ndi moyo m'mafiriji ndi m'mbale za malabotale dziko lonse lapansi, ndipo tikumana nawonso posachedwa.

Zaka za m'ma 1970 zinabweretsa zinthu ziwiri zimene Ehrlich analibe. Ku Oslo, Sjur Olsnes ndi Alexander Pihl anasonyeza kuti ricin ali ndi zigawo ziwiri zolumikizana. Chigawo B chili ngati dzanja: chimagwira pafupifupi selo lililonse la m'thupi ndi kutsegula khomo. Chigawo A chili ngati mpeni: chikalowa chimawononga timakina timene selo limapangira mapuloteni ake, ndipo kachidutswa kamodzi kokha kangathe kupha selo lathunthu. Kenako mu 1975, ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anapeza njira yopangira antibodi wa mtundu umodzi wochuluka monga momwe munthu angafunire. Nzeru inali poyera tsopano: chotsani dzanja losasankha lija, ndipo m'malo mwake mangiriranipo antibodi wodziwa khansa yokha. Philip Thorpe ku London, ndi Ellen Vitetta ndi Jonathan Uhr ku Dallas, anali m'gulu la otsogolera ntchitoyi. Anasankha chizindikiro chotchedwa CD22, chimene chimapezeka pa maselo a B. Anabaya maselo a Daudi m'mbewa zopanda chitetezo cha m'thupi, n'kuziponyera muvi watsopanowu. Mbewazo zinakhala moyo nthawi yotalikirapo, ndipo zina zinachiriratu muviwo utaphatikizidwa ndi mankhwala ena a khansa. Chiyembekezo chinali chachikulu zedi.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1987 Lynn Spitler ndi anzake ku California analemba za odwala khansa ya pakhungu amene analandira antibodi womangidwa ndi chigawo A cha ricin. Odwalawo anayamba kulemera m'masiku owerengeka, manja ndi miyendo zinatupa, ndipo puloteni ya m'magazi yotchedwa alubumini inatsika. Mu 1991 gulu la Vitetta linafalitsa zotsatira za odwala 15 a khansa ya maselo a B. Mwa ena zotupa zinafwa mooneka ndi maso m'kanthawi kochepa, umboni wakuti muvi unkalasadi. Koma pamene muyezo unakwezedwa, madzi anayamba kudzaza m'mapapo, minofu inapweteka, ndipo ena analephera kulankhula kwa kanthawi. M'kafukufuku wotsatira wa zaka za m'ma 1990 zomwezi zinabwerezeka, ndipo odwala ena anamwalira. Madokotala analitcha vutoli kudontha kwa mitsempha. Linaika denga pa muyezo: asanafike pa mlingo wotha kumaliza khansa, mitsempha inali itayamba kale kugonja.

Kuti timvetse chimene chinkachitika, tiganizire za lichero. Lichero lolukidwa bwino limasunga ufa, koma nsungwi zake zikatakasuka, ufa umayamba kugwera pansi ngakhale licherolo silinathyoke. Timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, toonda kuposa tsitsi, tili ndi khoma la maselo a mzere umodzi wokha, ogwirana m'mbali ngati nsungwi za lichero. Khomali limalola mpweya wabwino, shuga ndi madzi pang'ono kudutsa, koma limatsekereza alubumini. Alubumini, amene amapangidwa m'chiwindi, ndiye amakokera madzi m'mitsempha monga momwe mchere umakokera chinyontho. Maselo a khoma akavulala amakwinyika, n'kusiya mipata pakati pawo. Alubumini amatulukira pamenepo, madzi n'kumutsatira.

Ife a kuno kutupa kotere sitikuona kwachilendo. Amene anaona njala ya 1949, ndi ife amene tinaona ya 2002, tikumudziwa mwana wotupikana, amene ukadina phazi lake ndi chala pamatsala kadzenje. Mwa zifukwa zina, mwana ameneyo alubumini wake amakhala wachepa chifukwa chosowa chakudya. Wodwala wa mitsempha yodontha amafika pamalo ofanana kudzera njira ina, ndipo amafikapo m'masiku awiri kapena atatu. Choopsa chake n'chakuti thupi limadzaza madzi pamene mitsempha ikuuma. Kuthamanga kwa magazi kumatsika, impso zimasowa chosefa, mtima umagunda mothamanga pofuna kuzunguza magazi ochepa amene atsala. Dokotala akaika diripi kuti akweze magazi, madziwo amadontheranso m'mapapo, wodwala n'kuyamba kubanika. Akapereka mankhwala okodzetsa kuti aphwetse kutupa, mitsempha imaumiratu. Walira mvula walira matope.

Funso linali lakuti, bwanji muvi wolunjika ku khansa ukuvulaza mitsempha imene ilibe chizindikiro cha CD22? Yankho loyamba ndi la njira. Mankhwala olowa pa diripi amakhudza khoma la mitsempha asanakhudze china chilichonse, ndipo amalikhudza akadali ndi mphamvu zonse. Pa zotupa zolimba, gawo limene limakafika pa chotupa silikwana ngakhale 1 pa 100 alionse a muyezo wonse, ndipo lotsalalo limazungulira m'magazi kufikira chiwindi ndi impso zitalichotsa. Mu 1993 gulu la ku Dallas linathira chigawo A cha ricin pa maselo a khoma la mtsempha otengedwa ku mchombo wa makanda, ndipo maselowo anakwinyika mofulumira n'kusiya mipata. Panalinso phunziro lowawa: mbewa zimene zinkayeserapo mankhwalawa sizinkaonetsa vutoli monga anthu, n'chifukwa chake linadzidzimutsa madokotala. Kuti alione bwino, akatswiriwo anachita kusoka kachikopa ka munthu pamsana pa mbewa n'kumayeza madzi olowa m'kachikopako.

Mu 1999 Roxana Baluna, Vitetta ndi anzawo analoza malo enieni. Puloteni ili ngati mkanda wa mikanda yambirimbiri, ndipo iwo anapeza kuti pa mkanda wa chigawo A pali mikanda itatu yotsatizana, ya nambala 74, 75 ndi 76, imene imamatirira ku khoma la mitsempha payokha, popanda antibodi. Ndiye kuti mpeni uja unali ndi kadzanja kake kobisika. Mikanda yofanana nayo anaipezanso m'mapoizoni ena ndi m'mankhwala otchedwa interleukin-2, amenenso ankadontheza mitsempha. Mu 2003 Joan Smallshaw ndi gulu lomwelo anasintha mkanda umodzi woyandikana ndi malowo, napanga chigawo A chimene chinkapha khansa m'mbewa mosadontheza kwambiri. Nayenso Thorpe anatembenuza vutoli kukhala chida: mu 1993 iye ndi Francis Burrows analunjika muvi wa ricin dala ku mitsempha yodyetsa chotupa, ndipo zotupa zikuluzikulu za m'mbewa zinafa ndi njala. Ngakhale zinali tero, kufikira lero palibe mankhwala a khansa opangidwa ndi ricin amene avomerezedwa kugulitsidwa. Nsatsi inaphunzitsa zambiri, koma sinalowe m'botolo.

Amene analowa m'botolo ndi abale ake, ndipo aliyense analowa ndi chilema cha kubanja. Mu 1999 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linavomereza Ontak, amene ulembe wake unali poizoni wa bakiteriya woyambitsa diphtheria, ndipo womulondolera anali interleukin-2 m'malo mwa antibodi. Odwala ambiri anaonetsa zizindikiro za kudontha kwa mitsempha. Anachoka pamsika mu 2014, n'kubweranso mu 2024 atayeretsedwa, pa dzina la Lymphir, chenjezo lomwelo likadali pa pepala lake. M'chaka cha 2000 kunabwera Mylotarg, antibodi wonyamula poizoni wa bakiteriya wa m'dothi la ku Texas, wolimbana ndi khansa ya m'magazi. Uyu sankadontheza thupi lonse, koma ankavulaza timitsempha ta m'chiwindi mpaka kutseka, chiwindi n'kutupa, maso kuchita chikasu, mimba kudzaza madzi. Anachotsedwa mu 2010, ndipo anabwerera mu 2017 madokotala ataphunzira kumupereka pa muyezo wochepa wogawidwa katatu. Phunziro la kombe lija linabwereranso.

Muvi wofanana kwambiri ndi loto la Ehrlich unali Lumoxiti, chipatso cha ntchito ya zaka zambiri ya Ira Pastan ndi Robert Kreitman a ku National Cancer Institute ku America. Unalunjika pa CD22 yemwe uja, utanyamula poizoni wa bakiteriya wotchedwa Pseudomonas. Unayesedwa pa odwala 80 a khansa yosowa ya m'magazi amene mankhwala ena anali atawalephera, ndipo pafupifupi 3 mwa 10 alionse khansa inazimiririka kwa nthawi yaitali. Unavomerezedwa mu Seputembala 2018 ndi machenjezo awiri akuluakulu, onse okhudza mitsempha: kudontha, ndi kuvulala kwa timitsempha ta mu impso kumene kumaphwanya maselo ofiira. Mu 2023 kampani ya AstraZeneca inasiya kuugulitsa chifukwa madokotala ochepa okha ndiwo ankaugwiritsa ntchito, pakuti panali mankhwala ena osavuta kupereka ndi kuyang'anira.

Chimene chimandigwira mtima ndikamawerenga malangizo a mankhwala a banja limeneli ndi kuphweka kwa zida zotetezera wodwala. Titenge Elzonris, wovomerezedwa mu Disembala 2018, amenenso amanyamula poizoni wa diphtheria. Malangizo ake amati wodwala asayambe kulandira ngati alubumini wake sanafike magalamu 3.2 pa desilita ya magazi. Amati ayezedwe pa sikelo asanalandire muyezo uliwonse, ndipo ngati walemera ndi kilogalamu imodzi ndi theka kuposa dzulo lake, mankhwala aimitsidwe, apatsidwe alubumini pa diripi. Patatha zaka zonsezi za kafukufuku wodula, mlonda woyamba wa mitsempha ndi sikelo, makina oyezera kuthamanga kwa magazi, ndi namwino amene akulemba manambala m'mawa uliwonse.

Mwina wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a ku Thyolo, poti mankhwala amenewa mtengo wake ndi wosayamba. Zikutikhudza chifukwa phunziro lomweli madokotala a kwathu kuno analiphunzira mwa njira yawo. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi Pulofesa Peter Hesseling wa ku Stellenbosch anayesa kuchiza ana a khansa ya Burkitt potengera ndondomeko ya ku France, kumene ana oposa 9 mwa 10 amachira. Mankhwala ake sanali a antibodi, anali mankhwala a khansa odziwika kale, ndipo muyezo anali atauchepetsa. Komabe ana ambiri anamwalira ndi mphamvu ya mankhwalawo, chifukwa ankafika mochedwa, matupi ali onyentchera, ndipo zowachirikiza pa nthawi yovuta zinali zochepa. Madokotalawo anabwerera m'mbuyo nakonza ndondomeko yogwirizana ndi chipatala chimene anali nacho. Mu 2009 anafalitsa zotsatira za ndondomeko ya masiku 28 ya mankhwala awiri, cyclophosphamide ndi methotrexate, a mtengo wosakwana madola 50 a ku America, ndipo pafupifupi theka la anawo anali moyo opanda khansa chaka chitatha. Theka ndi lochepa poyerekeza ndi ku France, koma anawo anapulumuka chifukwa madokotala anayeza mphamvu ya mankhwala ndi mphamvu ya wodi yomwe.

Antibodi nayenso anafika kale m'Malawi. Rituximab, amene ndi bango lopanda ulembe, wolunjika pa chizindikiro cha CD20 cha maselo a B, anavomerezedwa ku America mu 1997, ndipo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2015. Mu 2021 madokotala a pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mogwirizana ndi UNC Project, anafalitsa kafukufuku wa odwala 37 a khansa ya maselo a B, ambiri mwa iwo ali ndi kachirombo ka HIV, wosonyeza kuti mankhwalawa angaperekedwe kuno bwinobwino ngati odwala akuyang'aniridwa mosamala. Kuchokera ku 1997 kufika 2021 ndi zaka 24. Mivi ya ulembe nayo idzayenda ulendo womwewo mitengo ikadzatsika, ndipo ina yalunjika kale pa matenda athu. Mu 2021 ku America anavomereza Tivdak, antibodi wonyamula poizoni, wa amayi amene khansa ya khomo la chiberekero yawabwerera kapena yafalikira, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri koposa. Chizindikiro chimene Tivdak amalondola ndi puloteni yothandiza magazi kuundana, ndipo mwa zovuta zake zodziwika muli kamfuno ndi kutaya magazi, kuwonjezera pa kuvulala kwa maso.

Pa zaka zimene ndagwira ntchito m'boma ndakhala nawo pa misonkhano yambiri yokonza bajeti, ndipo ndaona kuti chinthu chooneka ndi maso, chokhala ndi dzina lodziwika, chimapeza ochiikira kumbuyo mosavuta. Timizere ting'onoting'ono ta zinthu zochirikiza ndi timene timadulidwa poyamba ndalama zikaperewera. M'nkhani ya khansa, botolo la mankhwala atsopano lidzapeza omenyera nkhondo, atolankhani adzalijambula, akuluakulu adzaligwira m'manja. Mankhwala oyezera alubumini m'labotale, mabotolo a alubumini weniweniyo, mpweya wa okosijeni, bedi la odwala mwakayakaya, ndi namwino wa usiku, zimenezi zilibe ozijambula. Mbiri imene ndalongosolayi ikuti popanda zimenezo muvi umabwerera kwa mwini wake. Ndipo odwala athu ambiri amafika alubumini ali wotsika kale chifukwa cha kuperewera kwa zakudya, chifuwa chachikulu kapena HIV, kotero lichero lawo limakhala lotakasuka mankhwala asanalowe.

Tiganizirenso za mtunda. Mayi wa ku Goliati akalandira diripi ku Blantyre n'kubwerera kumudzi, kutupa kukhoza kumuyamba atafika kale pakhomo. Achibale akaona nkhope yatupa ndi mpweya ukubanika, ena adzaganiza kuti khansa yakula, ena adzaloza chala mnansi kuti walodza, ndipo masiku awiri amtengo wapatali adzathera pa kukambirana. Muvi woyang'anira suchedwa kulasa m'maso. Komatu chida choyamba chodziwira vutoli ife tili nacho kale, ndipo timachikhulupirira. Palibe mayi wa m'Malawi amene sadziwa kupita kusikelo, ndipo alangizi a zaumoyo a m'midzi amayeza ana ndi kudina mapazi awo pofufuza kutupikana mwezi ndi mwezi. Luso lomwelo, litaphunzitsidwa pa odwala khansa akuluakulu, pamodzi ndi nambala ya foni yoyankhidwa usiku ndi usana, lingathe kupulumutsa anthu pa mtengo wochepa.

Pafupi ndi kwathu, pa Ndata, pali Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo ana athu akuphunzirako za chitetezo cha m'thupi. Kombe anachoka m'chigwa cha Shire n'kukalemeretsa makampani a ku London, ndipo maselo a ana a mu Africa anayeserapo mivi imene ana anzawo sanaionepo. Ndikulakalaka kuti ulendo uno achinyamata amenewa akhale m'gulu la ofufuza, ayeze okha momwe mitsempha ya Mmalawi wonyentchera kapena wa HIV imapiririra mankhwalawa, pakuti mbewa zinalephera kulosera za munthu, ndipo wodwala wa ku Dallas sangalosere zonse za wodwala wa ku Thyolo.

Kufikira tsikulo, aliyense amene adzakhale pa mpando wogula mankhwala otere, kapena pambali pa bedi la m'bale wake woti awalandire, afunse mafunso atatu. Mankhwalawa amachita chiyani ku mitsempha? Ndani adzamuyeza wodwala pa sikelo mawa m'mawa ndi mkuja? Akayamba kutupa usiku, alubumini ndi okosijeni zili kuti, ndipo ndi mtunda wotalika bwanji kukafika kumeneko? Safunsa anadya phula.